Kalembera wa mbalame ku Britain: kodi timbalame tapakhomo panga n'toyenera kulemba?

Funso

Ndimakhala ku Leicester, chaka chachitatu tsopano, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wanga wa zaka 8 wabwera ndi pepala kuchokera kusukulu lonena kuti kumapeto kwa Januwale tidzakhale pawindo kwa ola limodzi n'kumawerenga mbalame, kenako titumize chiwerengerocho ku bungwe loteteza mbalame la RSPB. Koma kuseri kwa nyumba yathu kulibe mitengo kapena maluwa. Ndi kabwalo kasimenti, mabini awiri ndi mpanda basi. Kumabwera nkhunda ndi timbalame tabulauni tomwe sindidziwa n'komwe maina ake. Kodi zathuzi zingathandize chiyani? Nanga munthu angadziwe bwanji kuti mbalame sanaiwerenge kawiri? Komanso n'chifukwa chiyani amasankha nthawi yozizira chonchi, pomwe mbalame zambiri zinathawa?

Mayi wa ku Leicester

Yankho

Mayi, pepalalo musalitaye. Kabwalo kanu kasimentiko kakufunika kwambiri pa kalembera ameneyu, mwinanso kuposa gadeni yaikulu ya kumudzi kwa azungu yodzaza mitengo ndi zodyetsera mbalame. Anthu okhala ndi makomo otero amatumiza ziwerengero zawo chaka chilichonse mosachita kuwapempha, chifukwa ali ndi zambiri zoti aonetse. Amene amasowa ndi anthu onga inu, amene amasuzumira pawindo, n'kuona nkhunda ziwiri, n'kunena kuti palibe cholemba. Onse otere akakhala chete, chithunzi cha dziko lonse chimapotoka: chimaonetsa ngati mbalame zikadali zambiri ponseponse pamene m'misewu yambiri ya m'tauni zinachepa kalekale. Mukumbukire kalembera wa anthu kwathu kuja. Alembi sankadumpha kanyumba kaudzu chifukwa mukukhala gogo mmodzi yekha.

Kuwerengaku kumatchedwa Big Garden Birdwatch. Kunayamba mu 1979, ndipo poyamba kunali kwa ana okhaokha. Bungwe la RSPB linkafuna kupezera mamembala ake achichepere chochita m'nyengo yozizira, ndiye linagwirizana ndi pulogalamu ya ana ya pa BBC yotchedwa Blue Peter kuti ilengeze. Okonzawo ankayembekezera mayankho ochepa, koma ana oposa 30,000 anatumiza mapepala awo kudzera pa positi. Akuluakulu anayamba kuloledwa mu 2001. Mu 2021, anthu atatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha Covid, oposa 1 miliyoni anatenga nawo mbali, ndipo zaka zapitazi chiwerengero chakhala chikuzungulira pa 600,000. Ndiye mwana wanuyo akuitanidwa ku ntchito imene inayambitsidwa ndi ana anzake, ena mwa iwo lero ali ndi zidzukulu.

Funso lanu lachiwiri ndi limene ndikufuna kukhalapo nthawi yaitali, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ngakhale amene anabadwira konkuno. Zoona zake n'zakuti simungathe kudziwa ngati mpheta imene yatera pampanda panopa ndi yomwe ija inatera mphindi zisanu zapitazo. Palibe amene angathe, ngakhale ife amene takhala tikuyang'ana mbalame kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake lamulo lake silifuna kuti muziphatikiza. Pa mtundu uliwonse wa mbalame mumalemba chiwerengero chachikulu kwambiri chimene mwaona pa nthawi imodzi. Tinene kuti mwayamba 9 koloko m'mawa. Patapita mphindi 10 mwaona mpheta zitatu. Zauluka. Kenako zabwera zisanu pamodzi. Chakumapeto kwa olalo zabwera ziwiri. Mulemba 5, osati 10. Zitatu zoyamba zija mwina zinali m'gulu la zisanuzo, ndipo ziwiri zomalizazo n'kutheka kuti ndi zomwezonso. Chimene muli nacho umboni weniweni ndi chakuti panali mpheta zosachepera zisanu, popeza munaziona zonse ndi maso anu nthawi imodzi.

Mwana adzakutsutsani pamenepa, konzekani. Adzati, "Amayi, koma ija inali ina!" Nthawi zina adzakhala akunena zoona. Mbalame ya blackbird yaimuna ndi yakuda bii ya mlomo wachikasu, pamene yaikazi ndi yabulauni, choncho ikabwera yaimuna yokha kenako yaikazi yokha, mumadziwa ndithu kuti ndi ziwiri. Komabe ine ndimalemba imodzi pokhapokha nditaziona pamodzi, ndipo ndimalangiza ena kutero. Mphamvu ya kalemberayu siili pa kupeza chiwerengero chenicheni cha mbalame zonse za mu Britain. Ili pakuti anthu mazanamazana ambiri amawerenga mwa njira imodzi, m'sabata imodzimodziyo, chaka ndi chaka kuyambira 1979. Muyeso ukakhala womwewo, kusintha kumaonekera. Zili ngati wogulitsa chimanga pamsika: chidebe chingakhale chopindika pang'ono, koma ngati ndi chomwecho chaka chatha ndi chaka chino, mumadziwa ngati zokolola zatsika kapena zakwera. Aliyense akayamba kubwera ndi chidebe chake, palibenso chimene mungayerekeze.

Lamulo lina ndi lakuti muziwerenga zokhazo zimene zatera, kaya pansi, pampanda, pabini kapena pamtengo. Zongodutsa m'mwamba, monga mbalame zoyera zam'nyanja zija zimakonda kuzungulira pamwamba pa matauni, musazilembe. Sankhani ola limodzi lokha pa masiku atatu amene aikidwa, kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu. Ngati muli pa shifiti yausiku, werengani mukangoweruka musanagone, chifukwa m'mamawa ndi nthawi yabwino kuposa zonse. Ngati kuseri kwanu sikuoneka bwino kuchokera pawindo, kupita kupaki yapafupi n'kololedwa, ngakhalenso kukhala pakhonde la fulati.

Ndipo ngati ola lonse latha osaona mbalame ngakhale imodzi, tumizanibe. Pafomupo pali malo olembapo kuti simunaone kanthu. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kuwonjezera, makamaka mwana akakhumudwa, n'kulemba kambalame kamene kanabwera dzulo kapena kamene kanatera ola litangotha. Chonde musatero. Ziro woona amatiuza zambiri kuposa 6 wopeka.

Tsopano za kuzizira. Mwanena zoona kuti mbalame zina zinachoka, ndipo kumene zinapita mukukudziwa bwino. Anamzeze amene amamanga zisa m'makola a ku England mwezi wa Meyi, m'Januwale amakhala ali kum'mwera kwa Africa, ambiri ku South Africa, akudya tizilombo touluka ta m'dzinja. Zimenezi zinatsimikizika mu Disembala 1912, pamene namzeze amene anavekedwa kamphete kumwendo ku Staffordshire mu 1911 anapezeka ku Natal, m'dziko la South Africa. Mbalame za cuckoo zimene bungwe lofufuza za mbalame la BTO lakhala likuzitsatira ndi timakina kuyambira 2011 zimakathera nyengoyi kunkhalango za ku Congo. Anamzeze amene mumawaona atandandalika pamawaya a magetsi kwathu nthawi ya mvula, ambiri mwa iwo ndi alendo ochokera kumpoto kwa dziko lapansi.

Koma pamene ena akuchoka, ena akufika. Kwa mbalame za ku Scandinavia ndi kum'mawa kwa Ulaya, Britain ndi dziko lofunda. Ma redwing ndi ma fieldfare amabwera kudzadya zipatso za m'mipanda, ndipo ma blackbird ndi ma starling ambiri amene mukuwaona m'Januwale anachita kuwoloka nyanja. Palinso kambalame kotchedwa blackcap: kuyambira cha m'ma 1960, tina tochokera ku Germany ndi maiko oyandikana nalo tinasiya kupita kum'mwera, n'kuyamba kubwera m'magadeni a ku Britain kumene anthu amaika chakudya.

Chifukwa chachikulu chosankhira Januwale, komabe, ndi njala. Kumapeto kwa mweziwu mbewu ndi zipatso zakutchire zimakhala zitatha, nthaka yauma gwa ndi chisanu, ndipo mdima umatenga maola pafupifupi 15. Kambalame ka blue tit kamalemera magalamu 11 okha, pafupifupi ngati ndalama yachitsulo ya mapaundi awiri. Usiku wonse kamatentha mafuta a m'thupi kuti kasaume ndi kuzizira, ndiye kukangocha kayenera kudya msangamsanga, apo ayi usiku wotsatira sikaona m'mawa. Njala imeneyi ndi imene imazikokera pafupi ndi nyumba za anthu. Kuwonjezera apo mitengo ilibe masamba, choncho zimaoneka mosavuta.

Za maina musade nkhawa. Mitundu imene ingabwere pakhomo ngati lanu siingapitirire 10 kapena 12, ndipo pepala la RSPB lili ndi zithunzi zake. Timbalame tabulauni tija mwina ndi house sparrow, mpheta yomwe ija mumaiona ikutola nyenyeswa m'misika ya ku Limbe ndi ku Lilongwe. Kwathu ndi yobwera: inalowa kum'mwera kwa Africa kudzera ku Durban cha m'ma 1900 n'kumafalikira chakumpoto. Yaimuna ili ndi chipewa chotuwa ndi kandevu kakuda pakhosi, yaikazi ilibe. Zimayenda m'kagulu ndipo n'zaphokoso. Mukaona kena kofanana nazo koma kali kokha, kamutu kotuwa, kamlomo kosongoka ngati singano, kakuyenda chokwawa m'munsi mwa mpanda ngati mbewa, kameneko ndi dunnock, osati mpheta. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi.

Nkhunda nazonso muziyang'anitsitse. Yaikulu yonenepa, yokhala ndi banga loyera m'mbali mwa khosi, ndi woodpigeon. Yaing'ono yotuwira, ya kamzere kakuda kumbuyo kwa khosi, yofanana kwambiri ndi njiwa zakwathu, ndi collared dove, imene inayamba kuswana mu Britain mu 1955 ku Norfolk ndipo lero ili paliponse. Nkhunda wamba zam'tauni, zamitundumitundu zija, zili ndi malo akeake pafomu. Robin simungamuphonye, ndi uja wa chifuwa chofiira amene amajambulidwa pamakadi a Khrisimasi, ndipo kawirikawiri amakhala yekha chifukwa salola mnzake m'dera lake. Blue tit ali ndi chipewa chabuluu, great tit ndi wokulirapo, wamutu wakuda ndi mzere wakuda wotsika pakati pa mimba yachikasu. Starling m'nyengo ino amakhala ndi timadontho toyera thupi lonse, mchira wake ndi waufupi, ndipo amayenda mothamanga ngati munthu wochedwa basi, pamene blackbird amakonda kudumphadumpha n'kuima. Mbalame imene simukuidziwa, ijambuleni pafoni. Pulogalamu yaulere yotchedwa Merlin imathandiza kuzindikira mbalame kuchokera pa chithunzi kapena pa kulira kwake. Ikakanikabe, isiyeni osailemba.

Mwafunsa kuti zimathandiza chiyani. Mpheta ya house sparrow yakhala pa nambala 1 kwa zaka zoposa 20 zotsatizana, ndipo munthu wongomva zimenezo angaganize kuti zinthu zili bwino. Koma chiwerengero chake pakhomo lililonse chatsika ndi theka n'kupitirira poyerekeza ndi 1979. Ma starling atsika ndi maperesenti oposa 80, moti mu 2025 anagwera pa nambala 4, kumbuyo kwa mpheta, blue tit ndi woodpigeon. Song thrush, amene anali m'gulu la mbalame 10 zoyambirira m'chaka choyamba chija, lero makomo ambiri samuonanso. Pamene zimenezi zikuchepa, woodpigeon wachuluka kuwirikiza ka 10, ndipo goldfinch, kambalame kokongola ka nkhope yofiira, kachuluka m'magadeni chifukwa cha njere za mpendadzuwa zimene anthu amaika. Munthu mmodzi sakanaona zimenezi pakhomo pake. Mbalame zimachepa pang'onopang'ono, chaka chino zisanu ndi ziwiri, patapita zaka zingapo zisanu, mpaka anthu amazolowera n'kuiwala mmene zinalili. Mapepala ndiwo saiwala.

Ndikuuzeninso pamene kalemberayu amaperewera, kuti mukadzamva zotsatira muzimvetse bwino. Mndandanda umatsatira chiwerengero chapakatikati pakhomo lililonse, choncho mbalame zoyenda m'magulu zimakhala pamwamba. Kambalame ka wren ndi komwe kali kochuluka kwambiri mwa mbalame zonse zoswana mu Britain, koma sikapezeka pa 10 zoyambirira, chifukwa kamayenda kokha ndipo kamabisala m'zitsamba. Nyengo nayo imasokoneza. Chaka chimene kunja sikunazizire kwambiri ndipo kutchire kuli chakudya, mbalame sizibwera zambiri m'makomo ngakhale zilipo. Ndiye kusiyana kwa chaka chimodzi ndi chinzake sikutanthauza zambiri, chofunika ndi kumene mzere ukulowera pa zaka 10, 20 kapena 40. Akatswiri amayerekezanso zotsatirazi ndi kafukufuku wina, monga Garden BirdWatch wa BTO, amene wakhala akuchitika sabata iliyonse chaka chonse kuyambira 1995.

Mwina mukufuna kuika chakudya kuti mwana aone zambiri. N'zololedwa, koma yambani sabata ziwiri kapena zitatu tsikulo lisanafike, chifukwa mbalame zimatenga nthawi kuti zizolowere malo atsopano. Njere za mpendadzuwa zosenda ndi zimene zimakopa mitundu yambiri. Apulo wodula pakati amakondedwa ndi blackbird. Mtedza ukhale wosathira mchere, wogulidwa m'paketi yolembedwa kuti ndi wa mbalame, ndipo muuike m'chodyetsera chawaya kuti zizijompha pang'onopang'ono. Mtedza wachuku musayerekeze. Poizoni wa chuku, aflatoxin yemwe alimi a mtedza kwathu amalimbana naye, anadziwika koyamba kuno ku England mu 1960, nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa chifukwa cha chakudya chopangidwa ndi mtedza wowonongeka. Mkaka ayi, chilichonse chamchere ayi, mafuta otsala mu poto wootchera nyama ayi chifukwa amamata nthenga. Nsima yotsala ndi mkute wa mpunga wothira mchere zisiyeni m'khitchini. Zikagona pansi zimaitana makoswe, ndipo eni nyumba ndi aneba sangakondwere. Madzi musaiwale. Kambale kosaya ka madzi oyera, kosinthidwa tsiku lililonse, m'masiku a chisanu kamakoka mbalame kwambiri.

Pali nkhani imodzi imene imandipweteka mtima, ndipo sindingakulangizeni zodyetsa mbalame osaitchula. Kuyambira cha mu 2005, matenda otchedwa trichomonosis anayamba kupha mbalame za greenfinch. Kachilombo kake kamatupitsa kukhosi, mbalame imalephera kumeza, imalavula njere zonyowa ndi malovu, ina n'kudzatola njere zomwezo. Malo amene matendawa amafalikira kwambiri ndi pomwe ife anthu timaziunjikira pamodzi: pa zodyetsera ndi pa mbale zamadzi zosatsukidwa. Greenfinch anachepa kwambiri moti mu 2021 anaikidwa pa mndandanda wofiira wa mbalame zimene zili pangozi, ndipo chaffinch nayenso akutsika chifukwa cha matenda omwewo. Kumayambiriro kwa 2025 RSPB inasiya kugulitsa matebulo odyetserapo mbalame ndi zodyetsera zina zafulati poopa zimenezi. Choncho ngati muika chakudya, gwiritsani chodyetsera chopachika, muzichitsuka sabata iliyonse panja mutavala magolovesi, chiume bwino musanathiremo zina, ndipo muzisesa zogwera pansi. Mukaona mbalame yofufuma nthenga, yaulesi, yonyowa kukamwa, yosathawa mukayandikira, chotsani chakudya ndi madzi kwa sabata zingapo kuti gululo libalalike. Ngati ntchito yanu sikupatsani mpata wotsuka, kuli bwino osadyetsa n'komwe. Kuwerenga sikufuna chakudya, ndipo chiwerengero cha pakhomo losadyetsa n'chofunikanso chimodzimodzi.

Ambiri a ife tinakula ndi legeni m'khosi, ena tikutchera ulimbo pamadambo, ndipo mbalame tinkaidziwa poyamba ngati ndiwo. Sindinyoza zimenezo, chifukwa anyamata olusa ng'ombe aja ankadziwa kumene pumbwa amagona, nthawi imene njiwa zimatsikira kumadzi, ndi kulira kwa mbalame iliyonse, kuposa ophunzira ambiri amene ndakumana nawo. Maso amenewo ndi omwe akufunika pa ntchitoyi, ndipo inu muli nawo. Kungoti ana ndi alendo ochokera kumudzi muwauze momveka kuti kuno lamulo la 1981 loteteza zachilengedwe limaletsa kupha, kukola kapena kuvulaza mbalame zakutchire, ngakhalenso kuphwasula chisa chimene chikugwiritsidwa ntchito. Mwana woponya miyala nkhunda kupaki akhoza kukubweretserani apolisi pakhomo.

Tsikulo likafika, zimitsani nyale ya m'chipinda, khalani patali pang'ono ndi galasi kuti zisakuoneni mukusuntha, ndipo ngati muli ndi mphaka mutsekereni m'nyumba. Mwana agwire pensulo, inu muziyang'ana wotchi. Mphindi 15 zoyambirira zikhoza kudutsa popanda kanthu, kenako zonse n'kubwera nthawi imodzi, chifukwa timbalame ting'onoting'ono m'nyengo ino timayenda m'magulu osakanikirana, kuzungulira makomo a mumsewu wonse. Pambali pa dzina lachingerezi, muuzeni alembe lakwathu pamene lilipo: mpheta, njiwa, nkhunda, khwangwala. Ngati ali ndi asuweni ake ku Malawi kapena ku Zambia amene ali ndi foni ya intaneti, mu Febuluwale kumakhala kuwerenga kwina kwa masiku anayi kotchedwa Great Backyard Bird Count, kumene kuyambira 2013 munthu wa dziko lililonse angalowe nawo kwa mphindi 15 zokha kudzera pa pulogalamu ya eBird kapena ya Merlin. Iwo adzamuposa kutali pa kuchuluka kwa mitundu, pakuti Malawi yekha ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo anamzeze adzakhala pa mndandanda wawo, osati wake.

Zanu mutumize pa webusaiti ya RSPB tsiku lomwelo musanaiwale. N'zaulere ndipo simufunika kukhala membala. Pepala lolembapo lija lembanipo deti, nthawi ndi mmene kunja kunalili, mulisunge kuti chaka chamawa mudzayerekeze. Zotsatira za dziko lonse zimatuluka cha mu Epulo, m'masabata omwewo amene anamzeze oyamba amakhala akufika ku England kuchokera kum'mwera.